Vitamini D: werengani nambala ya pabotolo musanameze

Zikomo mfumu, zikomo abusa potibwereka holo ino. Monire mose, ŵadada na ŵamama. Ndilankhula m'Chichewa kuti tonse timvane, paja kuno ku Chibavi tasakanikirana, ena ndi a ku Karonga, ena a ku Nkhata Bay, ena anachokera ku Dedza ndi ku Mulanje kutsata ntchito. Akumbuyo mukundimva? Chabwino. Mvula ikayamba kugunda pamalata mundikodole, ndikweza mawu.

Ine ntchito yanga ndi ya unamwino. A komiti ya zaumoyo anandipempha kuti ndidzakambe za mabotolo a mavitamini amene adzaza m'makomo mwathu masiku ano, makamaka vitamini D. Ndiyambe ndi funso. Ndani ali ndi botolo la mavitamini kunyumba, kaya munagula nokha, kaya anakutumizirani mwana wanu wa ku Joni kapena wa ku UK? Kwezani mkono, palibe mlandu. Mwaonatu, manja ndi ambiri. Kale zinthu izi tinkaziona kuchipatala. Chibwerereni Covid mu 2020, uthenga unazungulira pa WhatsApp wakuti vitamini D amatchinjiriza matenda, ndiye anthu anayamba kugula, ena kugulitsa, ena kutumizirana pabasi pamodzi ndi mabulangete. Covid anachepa, koma mabotolo anatsala, ndipo anthu akumwabe.

Sindinabwere kudzanyoza vitamini D ayi. Thupi limamufuna ndithu. Ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza matumbo kutenga kashiyamu m'chakudya n'kumulowetsa m'magazi, kuti mafupa ndi mano zilimbe, minofu igwire ntchito. Mwana akamusowa kwambiri mafupa amafewa, miyendo imachita matewe, polumikizira dzanja pamatupa, amachedwa kuyenda. Wamkulu akamusowa amamva kuphwanya m'mafupa, m'chiuno, kudzuka pampando kumavuta. Amenewa ndi matenda enieni ndipo mankhwala ake ndi vitamini D yemweyu, pa mlingo woyezedwa.

Koma mumvetse kumene amachokera. Vitamini ameneyu wambiri sitimudya, thupi limapanga lokha. Dzuwa likawomba pakhungu, khungu limamupanga, amapita kuchiwindi kukasinthidwa, kenako ku impso kukasinthidwanso, ndiye pamenepo amayamba kugwira ntchito. M'chakudya amapezeka pang'ono: m'nsomba zamafuta, m'chachikasu cha dzira, m'chiwindi, m'majarini ena amene amathiramo dala. Basi.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza. Mukuti kuno ku Mzuzu dzuwa lake liti, June ndi July chifunga tsiku lonse, kamvula kowaza, tonse tili m'majuzi ndi m'zipewa. Zoona, kuno kumazizira, tili pamtunda, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Koma kuzizira ndi kusowa dzuwa ndi zinthu ziwiri. Mzuzu ali pa madigiri 11 okha kumwera kwa mzere wodula dziko pakati, kotero dzuwa lathu limadutsa pamwamba chaka chonse. London ali pa madigiri 51 kumpoto. Kumeneko kuyambira October mpaka March dzuwa limakhala lofooka moti khungu silipanga vitamini D wokwanira, n'chifukwa chake boma lawo limalangiza anthu kumwa kapiritsi kakang'ono tsiku lililonse miyezi imeneyo. Mwana wanu amene ali ku Manchester, wakhungu lakuda, wogwira ntchito m'nyumba usiku ndi usana, akamamwa akuchita bwino. Akatumizira mayi ake amene amalima dimba ku Ching'ambo, kuchapa panja, kuyenda wapansi mpaka ku Zigwagwa, watumiza ndi chikondi, koma watumiza mankhwala a vuto lake iye, osati la mayi akewo.

Sindikuti kuno kulibe osowa. Alipo. Akatswiri atasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri a mu Africa mu 2020 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vitamini D wochepa m'magazi, makamaka a m'tauni, amayi ndi makanda. Taganizani agogo amene anadwala sitiroko, agona m'chipinda chaka chonse. Taganizani mtsikana wa mu shopu amene amalowa m'mawa n'kutuluka kutada. Kukhala pawindo sikuthandiza, galasi limatchinga kuwala kumene khungu limafuna. Khungu lakuda limafunanso nthawi yotalikirapo padzuwa kusiyana ndi la azungu. Ndiye osowa alipo, ndipo amenewo apite kuchipatala akathandizidwe ndi mlingo woyenera. Nkhawa yanga lero ili pa amene akumwa osayezedwa, osauzidwa, osadziwa n'komwe kuti akumeza wochuluka bwanji.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mavitamini sali ofanana. Ena, monga vitamini C wa m'malalanje ndi m'magwafa, amasungunuka m'madzi. Ukamwa wambiri, wotsala amatuluka ndi mkodzo. Vitamini D satero. Iye amasungunuka m'mafuta, ndiye wotsala thupi limamusunga m'mafuta a m'thupi. Wa lero amakapeza wa dzulo, wa dzulo anapeza wa dzana. Munthu umangoona ngati palibe chikuchitika, mwezi woyamba uli bwinobwino, wachiwiri uli bwinobwino, kumene m'kati akuunjikana. Akachuluka amakakamiza matumbo kukoka kashiyamu wambiri kuposa amene thupi likufuna, amakokanso kashiyamu wina kuchokera m'mafupa momwemo. Magazi amadzaza kashiyamu. Alimi muli muno mukudziwa zimene zimachitika mukathira feteleza wodzaza dzanja patsinde pa chimanga chanthete poganiza kuti chikula msanga. Chimapsa. Feteleza ndi wabwino yemweyo, chalakwika ndi muyezo.

Dzuwa silingakupatseni vitamini D wopyola muyezo. Khungu likapanga wokwanira limayamba kuphwanya wotsalayo lokha. Amasai ndi Ahadza a ku Tanzania, amene amakhala panja tsiku lonse, atawayeza anawapeza ndi vitamini D wambiri ndithu m'magazi, koma kutali kwambiri ndi mlingo wodwalitsa. Nsomba ndi mazira nazonso sizingakufikitseni pamenepo. Anthu amene amadwala ndi vitamini D wochuluka amadwala ndi wa m'botolo, wa m'madontho kapena wa jakisoni.

Kashiyamu akachuluka m'magazi munthu amamva bwanji? Amayamba ndi mseru, chakudya osachifuna, kusanza. Kudzimbidwa, masiku angapo osapita kuchimbudzi. Ludzu losatha, kumwa madzi koma kukhosi kuli gwa, ndiye kukodza pafupipafupi, usiku kudzuka kangapo. Kufooka, mutu, kuwonda. Zikapitirira, mutu umasokonekera, munthu amayankhula zosagwirizana, amangogona. Mtima umatha kugunda mosalongosoka. Impso ndi zimene zimavutika kwambiri: mumapangika miyala, kashiyamu amakhazikika m'mnofu wa impso, ndipo zimatha kuwonongeka osabwereranso. Inu mukudziwa kuti makina otsuka magazi a anthu odwala impso m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo banja limene lalowa m'njira imeneyo limasauka.

Tamvaninso zizindikiro zija. Kusanza, kufooka, mutu: kwathu kuno timati chiyani?

(Anthu: Malungo!)

Malungo. Ludzu ndi kukodzakodza timati chiyani?

(Anthu: Shuga!)

Ndi pamene pali msampha. Munthu amapita kukayezetsa malungo, alibe. Shuga, ali bwino. Amabwerera kunyumba, achibale n'kunena kuti thupi lafooka, muwonjezereni mavitamini aja. Akumuthirira chomwe chikumudwalitsacho. Ngati ndi agogo amene ayamba kusokonekera mutu, ena amayamba kuloza zala anthu, kuti awalodza. Ndipo kuchipatala dokotala akafunsa kuti mukumwa mankhwala anji, munthu amati palibe, chifukwa m'maganizo mwake vitamini si mankhwala. Ndikukupemphani ndi mtima wonse: mukamapita kuchipatala, kaya ku Mapale, kaya ku St John's, kaya ku Central, tengani mabotolo onse amene mukumwa, muike m'jumbo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala. Ngakhale a zitsamba. Dokotala akaona botolo, amadziwa kuti ayeze kashiyamu ndi impso.

Tibwere ku manambala. Amene mwabwera ndi mabotolo tulutsani, muyang'ane kumbuyo. Mupeza polembedwa Vitamin D3 kapena cholecalciferol, ndi dzina lake lina limenelo. Pambali pake pali nambala, yotsatana ndi zilembo ziwiri, IU, umene ndi muyezo wa kuchuluka kwa vitaminiyo. Mabotolo ena amalemba mcg. Mcg imodzi ndi ma IU 40, ndiye mukaona 10 mcg ndi 400 IU, mukaona 25 mcg ndi 1,000 IU. Musasokoneze ziwirizi, chifukwa 100 mcg imaoneka nambala yaing'ono koma ndi 4,000 IU.

Mlingo umene akatswiri a ku America anakhazikitsa, umene maiko ambiri amatsatira, ndi uwu. Khanda losakwana chaka limafuna 400 IU patsiku. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 70, ndi 600 IU, kuphatikizapo amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Opitirira zaka 70, ndi 800 IU. Ndiye pali malire, pamene munthu wamkulu sayenera kupyola tsiku ndi tsiku popanda dokotala: 4,000 IU. Kwa ana malire ndi otsika kwambiri. Khanda la miyezi isanu ndi umodzi kutsika pansi, 1,000 IU. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu, 2,500 IU.

Mayi apo, lanulo lalembedwa bwanji? 1,000. Limenelo kamodzi patsiku silipyola malire. Bambo kumbuyoko? 5,000. Mwapyola kale ndi kapisozi mmodzi. Pali wina ali ndi loposa pamenepo? Tabweretsani ndione, achimwene. Eya. Ili ndi 50,000 IU kapisozi mmodzi. Taonani kuchepa kwake, ngati kanjere ka nandolo. Makapisozi awa ndi enieni, madokotala amapereka kwa munthu amene wapezeka kuti akusowa kwambiri, koma amamwa mmodzi pa sabata, kwa masabata owerengeka, nthawi zambiri asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kenako amasiya. Munthu akamamwa mmodzi tsiku lililonse ngati panado, ndiye kuti tsiku limodzi wameza mlingo wa masiku oposa 80. Pakutha pa mwezi wameza ma IU 1,500,000. Achimwene, mukhale pansi, tikambirana tikamaliza, ndipo musamwenso mpaka titakambirana.

Palinso kupyola kobisika, kumene munthu sakuzindikira chifukwa botolo lililonse palokha likuoneka labwino. M'mawa mwamwa piritsi la mavitamini osakaniza, muli vitamini D. Masana mwamwa la kashiyamu la mafupa, namonso anaikamo. Madzulo supuni ya mafuta a chiwindi cha nsomba, aja a cod liver oil, supuni yaikulu imodzi ili ndi ma IU oposa 1,000, kuwonjezera apo vitamini A wambiri amene nayenso amaunjikana. Kenako kabotolo ka D3 kochokera ku Joni. Muziwonkhetsa zonse, thupi silidziwa kuti izi zachokera m'mabotolo osiyana.

Izi si nthano zoopsezera ana. Mu 2022 madokotala a ku England analemba za bambo wina wa zaka zapakati amene anauzidwa ndi mlangizi wa zakudya, wosakhala dokotala, kuti azimwa mankhwala owonjezera oposa 20 patsiku. Mwa amenewo munali vitamini D wokwana 150,000 IU tsiku lililonse. Patatha mwezi anayamba kusanza, kutsegula m'mimba, ludzu, kukokana kwa miyendo. Anasiya kumwa, koma zizindikiro sizinasiye, anavutika pafupifupi miyezi itatu, anataya makilogalamu oposa 12, impso zinayamba kulephera. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi atatu akulandira madzi a m'diripi ndi mankhwala otsitsa kashiyamu. Patatha miyezi iwiri atatuluka, vitamini D m'magazi mwake anali adakali wokwera. Mfundo yake ndi imeneyo: kusiya lero sikutanthauza kuti mawa wachoka. Amatuluka pang'onopang'ono, kwa miyezi.

Pa makanda ndikhalitsepo, chifukwa amayi achitsikana muli ambiri muno ndipo madontho a ana afika m'mafamase mwathu. Madontho a vitamini D sapangidwa mofanana. Botolo lina, dontho limodzi lokha ndi 400 IU. Botolo lina, kuti mupeze 400 IU yemweyo mumadzaza kampope konse. Mayi amene anazolowera lachiwirili, akagula loyambalo n'kudzaza kampope monga mwa masiku onse, wapatsa mwana madontho oposa 20, ndiye kuti ma IU oposa 8,000, kwa kamunthu kamene malire ake ndi 1,000. Ndipo khanda silinena kuti ndili ndi ludzu. Limangokana bere, kusanza, kulira, kufooka, kudzimbidwa, sikelo osakwera. Nthawi zina cholakwa sichikhala cha mayi n'komwe. Ku Denmark mu 2016 madontho a kampani ina anapezeka kuti ali ndi vitamini D wochuluka maulendo 75 kuposa zimene zinalembedwa pabotolo, ndipo makanda angapo anadwala, boma linachita kulengeza kuti makolo asiye kugwiritsa ntchito. Denmark ndi dziko limene limayeza zinthu mosamala. Nanga botolo limene ladutsa m'chikwama pa Songwe kapena pa Mwanza, lopanda amene analiona, lakhala padzuwa pa benchi, tingalikhulupirire bwanji? Mwana wanu musamupatse madontho alionse pokhapokha a chipatala atakulemberani, ndipo akakulemberani, muwapemphe akuonetseni ndi botolo lomwelo kuti ndi madontho angati. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndipo bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, lamulo limenelo silinasinthe.

Wina anena kuti, chabwino, ine sindifika 50,000, koma kumwa wambiriko pang'ono si ndiye kulimbitsa thupi? Funso limeneli anthu analifufuza, ndi ndalama zambiri. Ku America anatenga anthu akuluakulu oposa 25,000, theka n'kumawapatsa 2,000 IU tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi zisanu, theka linalo mapiritsi opanda kanthu. Khansa sinachepe, matenda a mtima sanachepe, kuthyoka kwa mafupa sikunachepe. Ku Mongolia, dziko lozizira kumene ana ambiri amasowadi vitamini D, anapatsa ana asukulu oposa 8,000, ena vitamini ena ayi, kwa zaka zitatu, kuti aone ngati angatetezeke ku kachilombo ka TB. Sanatetezeke. Ku Australia anayesa kupatsa amayi okalamba mlingo waukulu kamodzi pachaka, 500,000 IU, poganiza kuti mafupa alimba. Zotsatira zinatuluka mu 2010: amene analandira vitamini ndi amene anagwa kwambiri ndi kuthyoka mafupa kwambiri kuposa anzawo. Ku Canada anayerekeza 400, 4,000 ndi 10,000 IU patsiku kwa zaka zitatu, ndipo amene ankamwa wambiri mafupa awo a pamkono anapepuka kusiyana ndi amene ankamwa 400. Vitamini D amachiza munthu amene akumusowa. Amene ali naye wokwanira, kuwonjezera sikumupatsa kanthu, kumangomuchotsera ndalama m'thumba, ndipo kukapyola kumamuvulaza.

Zimandiwawa ndikaona mayi wogulitsa tomato akutulutsa phindu la sabata yathunthu kugula botolo kwa munthu amene wamulonjeza kuti lichiza BP, shuga, nyamakazi ndi kusabereka nthawi imodzi. Ena ogulitsawo ndi abale athu, a mumpingo mwathu, nawonso anauzidwa choncho ndi amene anawalemba, ndipo akufuna kudyetsa ana. Sindikudana nawo. Koma munthu amene phindu lake limakula mukamamwa mabotolo ambiri sangakhale woyeza mlingo wanu. Ngati mukugula, gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, muone tsiku lothera ntchito, muone kuti chitsekerero sichinatsegulidwe. Mapiritsi ongowerengerani m'kapepala, opanda dzina, opanda nambala, asiyeni.

Pali anthu ena amene ngakhale mlingo wooneka wabwino ukhoza kuwavuta. Amene mumamwa mankhwala a BP aja timati HCT, hydrochlorothiazide, kapiritsi kokodzetsa kaja, dziwani kuti kamachititsa impso kusunga kashiyamu m'thupi. Mukaphatikiza ndi vitamini D wambiri ndi mapiritsi a kashiyamu, amakwera msanga. Amene mumamwa digoxin wa mtima, kashiyamu akakwera mtima umasokonekera mosavuta. Amene muli ndi vuto la impso kapena munakhalapo ndi miyala ya mu impso. Ndiponso odwala TB: matendawa mwa anthu ena amachititsa thupi kusandutsa vitamini D kukhala wamphamvu mopanda malire, kashiyamu n'kukwera. Mbali inayi, pali mankhwala amene amatsitsa vitamini D m'thupi, monga ena a khunyu, phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine, komanso rifampicin wa TB. Mwaona kuti pa TB zinthu zikukokera uku ndi uku, ndiye si nkhani yoti munthu aziweruza yekha kunyumba. Ndipo ndinene momveka: musasiye mankhwala a BP, a TB, a khunyu kapena ma ARV chifukwa cha zimene ndanena lero. Amenewo ndiye akukusungani. Chofunsa kuchipatala ndi botolo la vitamini.

Ndaona manja. Agogo, yambani inu.

(Agogo ena aakazi: Mwanangu, ine mawondo amandipweteka, kukwera chitunda cha ku Masasa ndimachita kupumira. Mdzukulu wanga anatumiza botolo kuchokera ku Joni. Nditaye?)

Ayi agogo, musataye, ndipo mdzukuluyo mumuthokoze, amakukondani. Mubwere nalo ndione nambala. Pa msinkhu wanu, ngati ndi 400, 800 kapena 1,000 IU kamodzi patsiku, ndipo impso zanu zili bwino, palibe choopsa, mwinanso likuthandizani mafupa, makamaka ngati simutulukatuluka panja. Koma ndisakunamizeni, kupweteka kwa mawondo kwa ukalamba kawirikawiri kumabwera chifukwa chakuti mafupa a pabondo aperepeseka pokhulana, ndipo vitamini D sabwezeretsa pamenepo. Choopsa n'chakuti mukaona kuti ululu sukusintha muziti ndimwe awiri, ndimwe atatu. Zimenezo ayi, agogo. Mmodzi ndi mmodzi basi, ndipo mawondowo akawaone kuchipatala.

(Bambo wina: Nanga timakapisozi tofiira ndi tabuluu timene alangizi a zaumoyo amadonthezera ana m'kamwa ku sikelo, si zomwezi? Tiziwakaniza ana?)

Mwafunsa bwino bambo, chifukwa wina akanatuluka muno n'kukakaniza mwana. Amene uja ndi vitamini A, wina ndithu, woteteza maso ndi kuthandiza mwana kulimbana ndi matenda monga chikuku. Kabuluu ndi ka ana a miyezi 6 mpaka 11, kofiira ndi ka ana a chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka zisanu, ndipo amalandira kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. Mlingo wake ndi woyezedwa, amalemba m'buku la mwana kuti asalandire kawiri. Musawakanize. Shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amene amalembedwa kuti muli vitamini, amenewonso ndi vitamini A. Ndipo taonani mmene boma limachitira ndi vitamini wosungika m'thupi: limayeza, limalemba, limadikira miyezi isanu ndi umodzi.

(Mayi wina: Mwana wa mlongo wanga miyendo yapindika. Tinamugulira madontho koma sizikusintha.)

Ali ndi zaka zingati, mayi? Zitatu. Mupite naye kuchipatala sabata ino, ndipo madonthowo mutenge. Ana ambiri ongoyamba kuyenda miyendo imaoneka yamatewe pang'ono n'kuwongoka yokha, koma pa zaka zitatu ayenera kuonedwa. Ndipo pali china chimene anthu ambiri sadziwa. Ku Jos, ku Nigeria, kumene dzuwa ndi lambiri ngati kuno, madokotala anapeza kuti ana ambiri ofewa mafupa vuto lawo lalikulu linali kusowa kashiyamu m'chakudya, ndipo anachira bwino atapatsidwa kashiyamu kusiyana ndi amene anapatsidwa vitamini D yekha. Mwana amene amadya phala la mgaiwa lopanda kanthu m'mawa, nsima ndi msuzi masana, mukhoza kumuthira madontho botolo lonse, kashiyamu woti alowe m'mafupa palibe. Ife tili ndi mwayi, usipa umabwera kuchokera ku Nkhata Bay tsiku ndi tsiku. Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiyamu ali m'mingamo. Sinjani usipa wouma muthire m'phala la mwana. Mawere, amene kuno timati lipoko, ali ndi kashiyamu wambiri kuposa chimanga kutalitali. Mkaka ukapezeka, dzira, masamba obiriwira. Koma choyamba akamuone dokotala.

(Mtsikana wina: Ine mng'ono wanga ndi wachialubino, ndiye amatiuza kuti asamakhale padzuwa. Iyeyo atani?)

Apitirize kudziteteza, chemwali, chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza khungu aja amalandira kuchipatala. Kwa iye dzuwa limabweretsa khansa ya pakhungu, ndipo imeneyo ndi yoopsa kuposa kusowa vitamini. Musamuike padzuwa chifukwa cha nkhani ya lero. Iyeyo ndi mmodzi mwa anthu amene piritsi laling'ono la tsiku ndi tsiku lingawathandize, ndiye akapita ku kiliniki ya khungu mukafunse kuti amuuze mlingo woyenera msinkhu wake. Chimodzimodzi makanda ang'onoang'ono, musawayanike padzuwa la masana kuti apange vitamini, khungu lawo ndi lanthete.

Bambo a jekete lakuda, lomaliza, nthawi yatha.

(Bambo: Munthu akazindikira kuti wakhala akumwa wambiri kwa miyezi, achite chiyani?)

Asiye lero lomwe, asiyenso mapiritsi a kashiyamu ndi mavitamini osakaniza aja. Azimwa madzi okwanira. Apite kuchipatala ndi mabotolo ake ngakhale akumva bwino, akanene kuti wamwa angati patsiku, kwa nthawi yaitali bwanji, kuti amuyeze kashiyamu ndi impso. Kuyeza vitamini D weniweniyo m'magazi n'kodula ndipo sikuchitika pa chipatala chilichonse, koma kashiyamu ndi impso ndi zimene zimauza dokotala ngati pali ngozi. Ngati akusanza osaleka, akusokonekera mutu, kapena mkodzo wayamba kuchepa, musadikire kuti kuche, mupezereni galimoto kapena njinga yamoto usiku womwewo. Akafika msanga amamuika diripi, amamupatsa mankhwala otsitsa kashiyamu, ndipo ambiri amachira, impso n'kubwerera m'malo. Asayese kudzitsuka m'mimba ndi zitsamba kapena mankhwala otsegula, kutaya madzi kumawonjezera vutolo.

Mfumu, ine ndalekeza pamenepa. Ndikhala pa tebulo ili pakhomo mpaka anthu athe. Amene muli ndi mabotolo bwerani mmodzimmodzi tiwerengere limodzi, ndikulemberani nambala yake m'buku lanu la kuchipatala. Achimwene a 50,000 aja ayambe ndi iwo, kenako agogo. Amene mwasiya kunyumba, jambulani kumbuyo kwa botolo pa foni, mukaonetse alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo. Zikomo kwambiri, yewo chomene.